Ndime imene ndinawasankhira amayi a tcheya

Chaka chimene amayi a mumpingo mwathu ku Thambani ankasankha tcheya watsopano, ine ndinali nditasoketsa kale bulauzi yoyera. Akanandiposa ndani? Sukulu ndinafika Fomu 2, nyimbo ndinkayambitsa ndine, alendo a mpingo ankadyera kwanga. Koma manja atakwezedwa, anasankha mayi wina wogulitsa manachesi pamsika, amene anabwera kuno ali mtsikana pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Ndinaomba nawo m'manja, koma mumtima munkayaka moto.

Chinkandinyansa kwambiri n'chakuti udindowo sunawasinthe. Ankalawirirabe kudzasesa m'tchalitchi. Pamaliro ankakhala pautsi ndi ophika, mpando wawo uli wopanda munthu. Ine ndinkati n'zachiphamaso, koma anthu ankangoti "amayi athu, amayi athu," ngati enafe tinali mbuzi.

Chinsinsi chawo ndinkachidziwa: sankatha kuwerenga. Baibulo ankanyamula ndithu, lokulunga m'kansalu, koma mavesi ankangoloweza pomva ena.

Utayandikira msonkhano waukulu wa amayi a m'dera lonse, ndinapita kwa abusa, omwe anali achilendo kwathu.

"Abusa, mwambo wathu kuno, mawu amawerenga ndi amayi a tcheya," ndinatero.

Linali bodza lamkunkhuniza. Ndinawathandizanso kusankha ndime, ija yodzaza maina a mibado opinda lilime. Ndinkafuna mayiwo achite manyazi pagulu, anthu aone kuti analakwitsa, mpando ubwere kwa ine.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza, ena atayenda wapansi kuchokera kwa Kanduku. Abusa atawaitana, mayi aja anapita kutsogolo, ine ndikumwetulira chamumtima.

"Amayi anzanga," anatero, "ine sukulu sindinapite, nkhondo inandilanda. Kuwerenga sinditha. Koma Mulungu anatipatsa mnzathu wowerenga bwino."

Anabwera pomwe ndinakhala, n'kugwada, n'kundipatsa Baibulo ndi manja awiri. Ndinawerenga osaphonya dzina ngakhale limodzi. Palibe anandiyamikira. Potuluka aliyense ankangokamba za kudzichepetsa kwa iwowo, ena mpaka misozi.

Pobwerera, amayi a tcheya aja anandipeza panjira.

"Mayi, abusa andiuza kuti ndinu munapempha kuti ndiwerenge."



"Mwandithandiza," anapitiriza. "Zaka zonsezi ndimabisa, kuopa tsiku ngati lalero. Lero ndapepukidwa. Kodi simungamandiphunzitseko zilembo Lachinayi lililonse?"

Ndinawayang'ana kumaso, kufunafuna chipongwe. Munalibe. Bola akanandikalipira, ndikanadziwa poyankha.

Ndinavomera, ndikanakana bwanji? Miyezi yambiri tinkakhala pakhonde panga, iwo akulondola zilembo ndi chala, akalakwitsa n'kumadziseka okha. Lero amawerenga okha kutsogolo, ndipo anawasankhanso. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinkawaposa nacho ndinawapatsa ndi manja anga. Chimene iwo amandiposa nacho sindinachipezebe, ndipo kunena zoona chimandiwawa mpaka pano.