Batani la Ulusi wa Ukonde

Achimwene anga a Miftah anayamba kutola mabatani ali mnyamata, tikudyetsa mbuzi za bambo pafupi ndi linga lakale la Ataliyana. Ine ndinali wamng'ono, ntchito yanga inali kuwanyamulira chitini. Atakula anayamba kukonza mapampu a madzi, ndipo m'tauni yathu ino ya kum'mawa kwa Libya anthu amawadziwa ndi zinthu ziwiri, mapampu ndi makina awo aja.

Makinawo ndi ndodo yaitali yokhala ndi mbale kumapeto, ndiponso zomvera za m'makutu. Ukamayendetsa mbaleyo pamwamba pa dothi, imalira ikamva chitsulo. Msomali umalira mobuula. Mkuwa umalira mopyapyala ngati kamwana ka mphaka. Lachisanu akatuluka mu mzikiti ankakwera kumapiri, kumabwinja kumene kunagonako asilikali, n'kubwerako ndi tindalama tobiriwira ta Aroma amakedzana, zomangira malamba, koma makamaka mabatani. Sanagulitsepo ngakhale limodzi. Ankawatsuka ndi mswachi wakutha n'kuwaika m'mabotolo a uchi, mpaka khoma lonse la pabalaza linadzaza.

Akazi awo, alamu anga a Galiya, makinawo ankawatchula kuti mkazi mnzawo.

"Mkazi mnzanga wakuphikirani chiyani lero, bambo a Rugaya?" ankawafunsa akangofika pakhomo.

"Wandipatsa Mngelezi mmodzi ndi Mtaliyana wobenthuka."

"Ndiye mudye omwewo. Makaroniwa ndi a ife osauka."

"Iwe Galiya, mnzakoyu amalira pokhapokha ngati pali chinthu. Bwanji osatengerako?"

"Mabatani onsewa m'nyumba muno, koma lokuzimitsirani inuyo palibe!"

Akatero ankaseka, n'kukhala pansi kudya m'mbale imodzi.

Achimwene anali ndi lamulo limodzi. Dzenje lililonse limene akumba ankalikwirira, n'kupondaponda ndi chidendene, n'kubwezerapo mwala umene unalipo. Zinayamba kalekale mbuzi ya bambo itathyoka mwendo m'dzenje lawo. Anamenyedwa tsiku limenelo, ndipo kuyambira pamenepo ungadutse pamene akumba osadziwa.

Mwana anali naye mmodzi, Rugaya, amene anali atangoyamba sukulu. Nyengo yozizira itafika ndinamupezera jekete ya ubweya yobiriwira, yabwinobwino, koma yopanda mabatani. Anapita yekha pamabotolo a bambo ake kukasankha. Anatenga a asilikali a Angelezi, ojambulidwa mkango ndi hatchi ya nyanga.

"Azakhali, ndikufuna awa a mphaka ndi bulu," anandiuza.

"Ndi mkango umenewo," anatero bambo ake.

"Mkango wanji wowonda chonchi? Ndi mphaka wa kumsika."

Mabatani amenewa alibe zibowo. Ali ndi kamphete kumbuyo, ndipo kamphete ka mkuwa wakale kamadula ulusi wamba. Choncho ndinatenga ulusi wabuluu umene amuna anga a Faraj amasokera ukonde, ndinamanga mfundo, n'kuwotcha nsonga zake ndi machesi kuti zisamasuke. Rugaya sankaivula jekete imeneyo. Amayi ake ankachita kulimbana naye kuti aichape.

Tsiku lina kutagwa mvula yaikulu, achimwene anakondwa. Ankati dothi likanyowa makina amamva zakuya. M'mawa mwake anakwera kumapiri ndi galimoto yawo. Masana madzi anatsika mumtsinje wouma uja umene tonse tinkadutsamo popita kumsika. Nyumba yathu ili pamtunda, sinakhudzidwe. Yawo inali kumunsi kwenikweni. Alamu anapezeka mawa lake pafupi ndi mlatho, tinawaika. Rugaya sanapezeke. Mayi wina amene anapulumukira padenga anati anamuona komaliza atavala jekete yobiriwira.

Anthu ofufuza anabwera ndi agalu ndi zimagalimoto zokumbira, anagwira ntchito, kenako anapita kwina. Achimwene anadzakhala kwathu ndi zovala zimene anavala tsiku lija, ndi makina amene anali m'galimoto. Sanalire. Inenso sindinalire. Ndinali ndi khanda, Sanadi, madzi otunga pamzere, ndi anthu odzapepesa ofunika tiyi. Ndinkangochita chimene chili patsogolo panga.

Tsiku lina m'mawa ndinawaona akuika mabatire m'makina.

"Mukupita kuti, achimwene?"

"Kumunsi."

"Kukatani?"

"Mwana samveka m'makina, Najiya. Koma mkuwa umamveka. Ndikufuna agone pambali pa mayi ake."

Ndinawapatsa buledi ndi madzi m'botolo.

Chimene sitinaganize n'chakuti madzi anatenganso mabotolo onse aja. Anasweka, ndipo mabatani a moyo wawo wonse anamwazika m'matope kuchokera pamene panali nyumba mpaka kunyanja. Makina ankalira paliponse. Achimwene ankakumba n'kupeza batani limene analipezapo kale kumapiri. Ambiri anali a mphaka ndi bulu omwewo, chifukwa ndi amene anali ochuluka.

Ndiye ankabwera nawo kwa ine. Madzulo dzuwa likapendeka ankakhuthula thumba la jekete yawo m'beseni, ine n'kumatsuka limodzilimodzi ndi kuyang'ana kamphete kakumbuyo ngati kali ndi ulusi wanga. Iwo ankakhala pampando, manja pamaondo.

"Ili ndinalipeza kulinga chaka chimene unakwatiwa," ankatero nthawi zina. Sankanena mwachisoni. Ankangonena.

"Palibe," ndinkatero ndikamaliza.

Ankamwa tiyi, mtedza umene kuno timathiramo n'kuusiya pansi pa kapu.

Anthu anayamba kulankhula. Pamzere wa madzi bambo wina anauza amuna anga kuti, "Mlamu wako uja mutu ukugwira? Anzake akulira, iye akusaka ndalama za Aroma m'matope." A Faraj anamuyankha kuti, "Pampu yako ikadzafa udzaitane Aroma omwewo." Atandiuza sindinaseke, sindinakwiyenso. Ndinali ndikuchapa matewera.

Matope anauma n'kuyamba kung'aluka. Achimwene anawonda, ndevu zinamera zoyera. Ine maso anazolowera moti ndinkatha kutsuka mabatani uku ndikuyamwitsa.

Ndi mmene zinalili tsiku limenelo. Sanadi anali pabere, dzanja limodzi lili m'beseni. Chala changa chinamva kanthu kolimba pakamphete. Ndinapukuta ndi nsonga ya mpango. Unali ulusi wabuluu, mfundo yanga, nsonga yake yakuda pamene ndinawotcha. Panali ndi tiubweya tobiriwira.

"Ndi ili," ndinatero.

Achimwene analitenga n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Munalipeza pati?" anafunsa a Faraj.

Achimwene anangolitembenuza m'manja.

"Alamu, ndikuti munalikumba pati?"

"Onse ndinawaika m'thumba limodzi."

"Chabwino, koma maenje alipo. Tikayang'ana dzenje lililonse."

Achimwene anayang'ana manja awo. "Ndinakwirira onse. Ndinapondaponda. Manja amangochita okha."

Tsiku limenelo anali atayenda kuchokera pamlatho mpaka kuminda ya maolivi, mtunda woti munthu wonyamula mwana amapuma kawiri. A Faraj anatuluka panja kukasuta. Ine ndinasintha mwana bere. M'mutu mwanga munalibe kanthu, koma pakamwa panatuluka mawu.

"Jekete ija sinali ndi batani limodzi. Enawo ali pompo. Ndinasoka ndine, sangathothoke onse."

Anandiyang'ana ngati ndawadzutsa kutulo.

"Kale ndisanakwirire ndinkadutsitsanso makina padzenje," anatero. "Pamene pali limodzi pamakhalanso lina. Masiku ano ndinasiya. Ndimangothamangira kutsogolo."

"Ndiye mubwerere m'mbuyo."

M'mawa tinapita atatu, ine nditanyamula Sanadi. Kanali koyamba kuti nditsikireko chidutsire madzi aja. Ndinaona firiji ili pamwamba pa mtengo, ndi sitepe ya nyumba yokwera kupita kopanda kanthu. Ndinkangoziona monga umaonera katundu m'sitolo ya eni.

Achimwene anazula waya wa zomvera za m'makutu kuti tonse tizimva. Ankayenda atawerama, kufunafuna pamene chidendene cha nsapato yawo chinadinda pamatope. Akapeza ankaimirira, n'kuyendetsa mbale pang'onopang'ono. Pena zii. Pena kubuula kwa msomali. Pena ankakayika ngati n'pamene anakumba kapena ayi, n'kumvera ndithu.

"Malo onsewa munakumba nokha dzulo?" anafunsa a Faraj. "Ngakhale mfuko sichita zotere."

Palibe anaseka, koma palibenso anakhumudwa.

Dzuwa lili pamutu tinafika pakhoma la munda wina, pamene matope anaunjikana mpaka kufika m'nthambi za mkuyu. Panali chidindo cha chidendene, ndi mwala woikidwa bwinobwino pamwamba. Achimwene anauchotsa ndi phazi. Makina analira, koma motsitsa kwambiri, ngati kamphaka kotsekeredwa m'chipinda chakutali. Anasuntha mbale pang'ono. Analiranso. Anasunthanso pang'ono, molunjika, n'kuliranso.

"Ali pamzere," anatero. "Ndi akuya."

Anazimitsa makina, anawagoneka pansi, anagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. A Faraj anathamanga kukaitana amuna ndi mafosholo. Anabwera ambiri, ngakhale bambo uja wa pamzere wa madzi. Nditaona nsonga ya mkono wa jekete, Sanadi anayamba kulira, ndiye ndinatembenuka, ndinakhala pamwala n'kumuyamwitsa.

Amayi achikulire anachita zoyenera kuchita. Rugaya tinamuika tsiku lomwelo, pambali pa amayi ake. Achimwene anathira dothi, ndipo amuna anga anandiuza kuti atamaliza anatsala pang'ono kupondapo ndi chidendene, koma anabweza phazi.

Tsopano anabwerera ku mapampu. Zitsime zambiri zinadzaza matope, ntchito ndi yosatha. Kumapiri sanapitekonso. Makina amakhala kuseri kwa chitseko changa, pamodzi ndi tsache. Nthawi zina kumabwera munthu amene m'bale wake sanapezekebe, n'kunena kuti anavala wotchi, kapena mphete, kapena anali ndi makiyi m'thumba. Achimwene samulonjeza kanthu. Amangofunsa kuti chinali chitsulo chanji, n'kuika mabatire.

Mabatani ena aja ali m'chitini cha mkaka pansi pa bedi. Sanawafunsepo.

Jekete anandipatsa ine. Ndinaichapa kangapo mpaka madzi anayera, ndinaiyanika padenga. Itauma ndinaona kuti batani limene linathothoka ndi lapakhosi, ndipo ulusi sunaduke, nsalu ndi imene inang'ambika. Ndinaikapo kachigamba, ndinatenga ulusi wa ukonde, n'kulisokeranso pamalo pake. Sindinadziwe china choti ndichite nalo.