Chidindo pa Nyimbo ya Abambo

Abambo anga anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosapola komanso wailesi ya makaseti imene ankaikonda kuposa ife ana awo. Sindikuwanena, ndi mmene zinalili. Makaseti anali odzaza katoni: nyimbo za ku Joni, makwaya, ndi zina zojambula okha. Tsiku lina masana anaitana anzawo a ngoma, anaika wailesiyo pakhonde, n'kuyimba nyimbo ya ng'ombe m'Chingoni chakale chimene ife sitimva. Pakati pa nyimboyo, anzawo akukoka mpweya, abambo anatembenukira kwa amayi amene ankasenda mbatata ya kachewere chapambali, n'kuwaponyera mawu achipongwe owaitana kuti adzayimbe nawo. Amayi anaseka ngati kamtsikana. Zonsezo kaseti inagwira, ndipo pa nyimbo zonse za m'katoni muja, kachigawo kameneko ndi kamene tinkabwereza.

Abambo atamwalira, achimwene anga amene ankagwira ntchito ku Lilongwe anatenga katoni yonse, n'kukasamutsira nyimbozo mu kompyuta ya kuntchito kwawo, kenako anatibweretsera pa fulashi. Anachita bwino, chifukwa dzinja lotsatira denga linadontha, makaseti anachita nkhungu, chiswe n'kumalizitsa katoni. Achimwene atasiya ntchito ija, kompyutayo inatsala komweko ndipo eni ake anafufuta zonse. Choncho mawu a abambo anatsala pamalo amodzi okha padziko, pa kafulashi kochepa ngati chala, kamene ine, mwana wamkazi woyamba, ndinkasunga m'kachitini ka mafuta odzola.

Poyamba tinkamvetsera pa DVD ya mnansi wathu, mphunzitsi. Mphunzitsiyo atasamuka, tinayesa pa mafoni ndi pa timawailesi tamakono tolowetsa khadi, koma zonse zinkakana. Anthu odziwa anati nyimbozo zinasungidwa mu mtundu wakale wotchedwa WMA, ndipo zofunika kuzitembenuza zikhale MP3 kuti zizimveka paliponse. Ine ndinkagulitsa kachewere ndi kabichi pa Tsangano, zimenezo zinali kutali nane.

Koma pabanja pathu panali katswiri. Mng'ono wanga anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Kasinje, wa kwa alimi a mpunga, amene anabwera chikamwini kwathu kumtunda n'kupeza kuti khasu la kuno silimugwirizana ndi msana. Anatsegula kashopu kuseri kwa chigayo pa Tsangano: sola padenga, kompyuta patebulo, chisipika pakhomo. Ankatchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo pa makhadi, ena ochokera kutsidya ku Mozambiki. Amati ukaipa dziwa nyimbo. Mlamu wangayu kuipa anaipa, kuyimba sankadziwa, koma anadziwa kugulitsa nyimbo za anzake.

Itakwana nthawi yoti timange chiliza cha abambo, amayi anati akufuna kuti pa tsikulo mwini manda amveke. Ndinatenga kachitini kaja n'kupita kuseri kwa chigayo.

"Alamu, ka fulashi aka ndi kokhako," ndinatero. "Kwina kulibe. Mukagwire ngati dzira."

"Alamu, mukuphunzitsa mbalame kuuluka?" anayankha akuseka, maso ali pa kompyuta. "Izi n'zazing'ono. Ndingoziponya zonse pamodzi, makina atembenuza okha. Tsikulo sipika ndibweretsa ine, inu mungosamala za mowa ndi nyama."

Ndinamukhulupirira. Anali mwamuna wa mng'ono wanga, ankadya m'mbale za amayi.

Tsiku la chiliza anthu anabwera ambiri. Anzawo a abambo amene anali akadali ndi moyo anavala zikopa ndi nthenga, zishango m'manja. Abusa atamaliza pemphero, amalume analengeza kuti tsopano timve mwini wake. Mlamu anakanikiza batani. Mawu a abambo anatuluka okwera, oyera, kuposa mmene tinkawamvera kale, ndipo madoda aja anayamba kuponda pansi pang'onopang'ono, misozi ikutsika. Amayi anandigwira dzanja. Tonse awiri tinkadziwa chimene chikubwera, ndipo ndinamva zala zawo zikulimba.

Anzawo a abambo atangokoka mpweya mu nyimbomo, panalira chimluzu chonga cha ambulansi, kenako mawu a mlamu, obwerezabwereza ngati akuyankhulira mumgolo: "Zatentha, zatentha! Nyimbo zonse pa Tsangano, kuseri kwa chigayo!" Phokosolo litatha, madoda anali atayambanso kuyimba. Mawu amene abambo anauza amayi kunalibe. Kuseka kwa amayi kunalibe.

Achinyamata ena kumbuyo anaseka. Amayi anasiya dzanja langa, anakonza mpango wawo, n'kuyang'ana pansi.

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense kwathu amadziwa, koma pamanda ndinadzigwira. M'mawa mwake ndinamupeza ku shopu akupukuta fumbi pa sipika. Anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana, kuti chimenecho amachitcha chidindo. Onse oika nyimbo amatero: nyimbo iliyonse yodutsa pa kompyuta yako umaiponda mawu ako pakati, kuti mnzako akaikopera azikulengezera malonda ako. Makina ake anawatchera kuti azidinda okha potembenuza, ndipo anaiwala kuzimitsa.

"Chabwino," ndinatero. "Ndipatseni fulashi yanga, ndikatembenuzitsa kwina."

Anandipatsa. Kenako anawonjezera, akukanda m'mutu: "Koma zakale zija ndinachotsamo, alamu. Ndaikamo zatsopanozi. Zija zimangodya malo."

Zimangodya malo. Mawu amenewo ndinawanyamula ngati mwala m'thumba la zovala, ndipo sindinawatule. Sanapepese. Anati nyimbo ikadalipo, ndi kachigawo kochepa kokha kamene kaphimbika, ndipo anthu ambiri ayamikira mmene ikumvekera bwino. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ankaiikiranso makasitomala ake okonda za ngoma, chidindo chili pomwepo. Abambo anga anagwira ntchito pansi pa nthaka ya eni mpaka mapapo kuwonongeka, ndipo atafa anayambanso ganyu yoitanira malonda a mkamwini.

Ndinadana naye. Ndikunena mosabisa, ndinadana naye chidani chodzuka nacho m'mawa. Mng'ono wanga ankati ndikukuza nkhani, amalume ankati za pachibale sasungira, ine ndinkangovomera ndi mutu. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinadekha.

Kachewere atayenda bwino chaka china, ndinagula laputopu yakale kwa mayi wina wamalonda wa kutsidya, ndipo iye yemweyo anandionetsa poyambira. Cholinga changa chinali chimodzi, kuchotsa chidindo chija. Ndinaphunzira kutembenuza nyimbo kuchoka mtundu wina kupita wina, kudula, kulumikiza, kukweza ndi kutsitsa mawu. Ndinkaiona nyimbo ya abambo pagalasi ngati mzere wa mapiri, pakati pake chiphiri chachikulu cha mlamu. Ndinkatha kuchidula, inde, koma podula chinkachoka pamodzi ndi zimene chinakwirira. Mchere ukasungunuka m'ndiwo sutoleka. Ndinapita nayo ngakhale kwa anyamata a situdiyo ku Lilongwe, nawonso anapukusa mitu.

Zinthu ziwiri zinandisunga pamoto. Tsiku lina ndinapeza ana a pamudzi, ena adzukulu enieni a abambo, akusewera ngoma kuseri kwa khola. Ankayimba nyimbo ya agogo awo bwinobwino, ndipo atafika pakati onse analiza mluzu ndi pakamwa n'kukuwa, "Zatentha, zatentha!" kenako n'kupitiriza kuponda. Kwa iwo imeneyo inali ndime ya nyimbo. China chinali cha amayi. Atakalamba, madzulo ena tikusola chimanga, anandifunsa mwakachetechete: "Kodi paja abambo ako ankati chiyani pamene ndinaseka paja?" Ndinawauza mmene ndinkakumbukirira. Anapukusa mutu, anati si choncho, koma iwonso sanathe kunena mmene zinalili. Panalibenso woti atiweruze.

Nthawi inapita, mafoni anasintha, anthu anayamba kutumizirana okha nyimbo, ndipo kuseri kwa chigayo kunazizira. Kompyuta ya mlamu inapsa, sanagule ina, anayamba kukwezetsa anthu pa njinga yamoto. Ine laputopu yanga inalipo, ndipo pamsika ankadziwa kuti mayi wa kachewere uja amatembenuza nyimbo zokana kulira, popanda chidindo.

Kenako amayi ake a mlamu anamwalira ku Kasinje. Anali mayi wabwino, wa Mvano, sindinganame. Akudwala, mwana wawoyo anawajambula pa kafoni kake kakale akuyimba nyimbo ya m'buku ndi kupempherera ana awo, aliyense kumutchula dzina. Kafoniko kanafa, khadi inatsala, koma foni yatsopano inkakana mtundu wa mawuwo. Nthawi ya chiliza chawo itayandikira, anatuma mkazi wake kwa ine.

"Auze abwere okha," ndinamuuza mng'ono wanga. "Miyendo ali nayo, njinga ali nayo."

Anabwera, chipewa m'manja, khadi atakulunga m'kapepala.

"Alamu, ndi kokhako aka," anatero. "Kwina kulibe."

"Musadandaule, alamu," ndinayankha. "Izi n'zazing'ono."

Sanamve kanthu m'mawu angawo. Munthu wolakwira mnzake amaiwala msanga.

Ndinakhala nayo ntchitoyo mosamala kuposa ina iliyonse. Ndinatembenuza pemphero lija kukhala MP3, ndinachotsa phokoso la mphepo, mawu a mayi aja anamveka ngati ali m'chipinda momwemo. Ndinasunga imodzi yoyera mu laputopu yanga. Kenako ndinatsegula nyimbo ya abambo, ndinadula chiphiri chija, mluzu ndi mawu ake onse, n'kufufuza m'pempheromo pamene mayiyo, atatchula ana ena onse, anafika pa iyeyo. Anamutchula dzina laubwana, mawu akunjenjemera, n'kumuuza zinthu zimene ine sindidzalemba pano. Pamenepo ndi pamene ndinadinda. Yakale ija ndinaifufuta pa khadi, n'kuikapo yodindayo.

Atabwera kudzatenga, ndinamuyatsira poyambira. Amayi ake atangoyamba kuyimba, iye anatukula dzanja, maso atafiira.

"Basi, alamu, zimitsani. Sindingathe. Ndikamvera komweko pamodzi ndi abale."

Ku Kasinje ndinapita, nditanyamula thumba la kachewere monga mlamu wamakhalidwe. Kunali kotentha, minda ya mpunga ili mbee atakolola. Amayi a Mvano anakhala kutsogolo atavala zoyera. Mlamu analumikiza foni ku sipika ndi manja ake. Nyimbo inayenda, anthu anayimba nawo motsitsa. Pemphero linayamba, mwana aliyense akamva dzina lake ankaweramitsa mutu. Ndinamuona mlamu akuwongola khosi, akudikira lake.

Mluzu unalira. "Zatentha, zatentha! Nyimbo zonse pa Tsangano, kuseri kwa chigayo!" Ndipo mayi aja anati ameni.

Palibe anaseka. Mawuwo anali ake, aliyense anawazindikira. Mchemwali wake wamkulu anaimirira n'kumufunsa pamaso pa anthu ngati malonda ake afika mpaka pamanda a mayi awo. Mlamu akanati chiyani, poti kufotokoza kunali kuyamba ndi chiliza cha abambo anga? Anandiyang'ana kudutsa mitu ya anthu. Ine ndinakonza mpango wanga monga anachitira amayi tsiku lija, koma pansi sindinayang'ane.

Mng'ono wanga sanandiyankhule mpaka mvula inagwa, ndipo mpaka pano tikakumana kudimba moni wake ndi wouma. Amayi atamva anangoti, "Mwana iwe," osawonjezera, ndipo sindinawafunse kuti akutanthauza chiyani. Abusa anandiitana, ndinapita, ndinamvetsera, ndinawathokoza. Chisoni chimene ndili nacho ndi cha mayi aja a ku Kasinje, amene sanandilakwire. Cha mwana wawo ndilibe.

Anabwera pamsika patapita milungu, anaimika njinga pafupi ndi mulu wanga wa kabichi, n'kudikira mpaka makasitomala atachoka.

"Alamu, yakale ija pa khadi palibe."

"Ndinachotsa," ndinatero. "Imangodya malo."

Anayang'ana matayala a njinga yake.

"Koma yoyera munasunga?"

"Ndinasunga."

"Munamva zimene ananena za ine?"

"Ndinamva zonse. Ndi mawu abwino kwambiri."

"Ndipatseni, alamu. Chonde. Ine tsiku lojambula lija ndinatuluka panja atafika pa ine, sindinawamve."

Ndinamuyang'ana, bambo wa imvi za m'mbali, ndipo ndinadikira kuti mtima wanga ufewe. Sunafewe.

"Ndidzakupatsani," ndinamuuza, "tsiku limene mudzabweretse zimene abambo anga anauza amayi."

Amabwerabe nthawi zina, amagula kachewere amene sakumufuna, amaima pang'ono, kenako amakwera njinga n'kumapita. Pemphero lija lili mu laputopu yanga, ndipo ndinalikoperanso pa makhadi awiri kuti lisatayike.