Dongo Langa Analisefa

Pachisakasa chathu choumbira ku Insaca tinalipo amayi asanu ndi atatu, ng'anjo imodzi ndi dzenje limodzi losungiramo dongo. Chilimwe china kunabwera apurufesora a ku Cuamba kudzatiphunzitsa kuotcha kwachangu. Mphika umautulutsa m'ng'anjo ndi mbaniro ukadali psuu, n'kuukwirira m'mankhusu a mpunga kuti utsi uudetse.

"Sankhani dongo lopirira," anatero. "Losalala kwambiri silichedwa kuphulika."

Zimenezo sizinali zachilendo kwa ine. Kuumba ndinaphunzira kwa azakhali tili ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo dongo ndimaliyesa ndi mano. Ndinapalasa njinga mpaka kudambo la kunyanja ya Chiuta, ndinakumba la pansi lotuwa, maulendo awiri. Kenako ndinatola mapale a mbiya zosweka n'kuwasinja mumtondo mpaka manja anatuluka matuza. Ndinasakaniza, ndinakanya, ndinaika m'dzenje la tonse n'kuvundikira ndi masamba a nthochi. M'mawa mwake ndinapita kumaliro ku Amaramba.

Nditabwerako ndinapeza dongo lili see, ndipo anzanga atayamba kale kuumbira. Apulezidenti a gulu lathu, mayi amene anayamba kuumba chaka chathachi, anali atalisungunula m'madzi n'kulisefa.

"Ndakuyeretserani, achemwali," anatero. "Munali zinyalala zokhazokha."

"Sizinali zinyalala. Anali mapale, ndinasinja ndekha."

"Zachikale zimenezo. Ogula amafuna zosalala."

Koma miphika inali itaumbidwa kale. Tsiku lootcha, woyamba unang'aluka mbaniro itangougwira. Wachiwiri unaphulika m'mankhusu. Pa khumi panapulumuka iwiri.

Apurufesora anafunsa kumene dongolo linachokera. Apulezidenti, osaphethira n'komwe, anandiloza ndi mlomo.

"Anakakumba ndi awa."

Matuza anali asanapole, ndipo wondiwonongera ntchito ndiye ankandiloza pamaso pa mlendo. Anzanga onse ankadziwa zimene zinachitika, koma aliyense anaweramira phulusa.

Ndinazungulira kuseri kwa chisakasa kumene anataya zotsala m'sefa, ndinatapa dzanja lodzaza n'kudzawathira apurufesora m'chikhato.

"Dongo langa linali ndi izi. Afunseni amene anazichotsa."

Anazifikisa ndi zala, anayang'ana apulezidenti, n'kunena kuti izi ndiye zinkafunika. Apulezidenti anangomanganso mpango wawo, amvekere mutu ukuwawawa, ulendo wa kunyumba.

Kupepesa sanapepese. Pamsonkhano wotsatira anaimirira n'kumalangiza gulu kuti tizithira mapale m'dongo, "monga ndakhala ndikunenera." Ena mpaka anawomba m'manja.

Ndimapitabe kuchisakasa, chifukwa ng'anjo ndi ya tonse ndipo njerwa zake ndinasenza nawo. Koma dongo langa limakhala kunyumba, mumgolo, kuseri kwa khola la abakha. Ndimanyamula longokwana tsiku limenelo.