Aneba Athu a "Wadziwa Bwanji?"

Aneba athu amandisangalatsa zedi. Ndi aphunzitsi, koma akuphunziranso udokotala, osati wa jekeseni ayi, wa mabuku. Vuto lawo ndi limodzi: sakhulupirira kanthu msanga. Ukangoti kwazizira, amavula magalasi n'kufunsa kuti, "Wadziwa bwanji?" Pa Dedza pano, mu Juni, mano akugundana! Amati mfundo yopanda njira yoiyesera si mfundo, ndi nyimbo chabe.

Ndiye chaka chatha anazungulira midzi ya ku Mphunzi kufunsa alimi ngati amakonda kulima m'magulu. Onse anati inde. Anafika kwathu akuvina ndi mapepala, ati Lachisanu atumiza kwa apulofesa awo.

Amayi, akusenda mbatata, anangoti, "Aphunzitsi, mwadziwa bwanji? Mlendo wa tayi, tamupatsa mpando, ndani angamutsutse?"

Ine kuseka ndinakubisa m'chitenje. M'mawa mwake aphunzitsi aja anabwerera ku Mphunzi kukafunsa motembenuza: kodi si bwino aliyense azilima payekha? Anthu omwe aja anatinso inde, wina mpaka anawapatsa nkhuku.

Lachisanu sanatumize kanthu. Masiku ano tayi anavula, amapita kumunda ndi khasu, amalima limodzi ndi alimi aja n'kumangomvetsera. Dzulo ndinawafunsa ngati apezako zoona.

"Chimodzi chokha, mwanawe," anatero. "Ku Mphunzi konse, mlimi waulesi kwambiri ndine."

"Mwadziwa bwanji?"

"Sindinafunse munthu. Amanena okha, ine ndili pomwepo."