Matayala Abwino Ndinawaika Kutsogolo

Inu owerenga, ndasunga nkhaniyi kumtima zaka zambiri, ndipo lero ndikuvomera kuti mwana wathu anafa chifukwa cha liuma langa.

Munali mu 1976. Ine ndinkaphunzira kutsidya kwa nyanja, pa yunivesite ku North York, mkazi wanga akusamalira nkhalamba ku Brampton, komwe tinkakhala. Tinali titakhala m'banja zaka zisanu popanda mphatso, achibale kumudzi akunong'onezana kuti ndinakwatira chumba. Chaka chimenecho Mulungu anatikumbukira, mkazi wanga anaima. Sitinauze aliyense kwathu, popeza za pakati salengeza.

Tinali ndi galimoto yakale imene matayala ake anali atasalala ngati chipumi. Chisanu chitayandikira, anzathu a kutchalitchi anandichenjeza kuti kuno chipale, chimene eni ake amati sinowu, chikagwa msewu umaterera kuposa matope a dzinja, choncho ndigule matayala ake a nyengoyo, a mano akuya. M'thumba munali mopepuka. Ndinapeza awiri okha, ogwirapo kale ntchito.

Makaniko wa pagalaja, bambo wachikulire, anayamba kumasula mawilo akumbuyo. Ndinamuletsa. Malume anga anayendetsa lole zaka zambiri pakati pa Limbe ndi Lilongwe, ndipo anandiphunzitsa kuti tayala labwino limakhala kutsogolo, chifukwa lakutsogolo likaphulika ndiye maliro. Kwathu dalaivala aliyense amadziwa zimenezi. Bamboyo anandifotokozera modekha kuti galimoto yangayo imakankhidwa ndi mawilo akumbuyo, ndipo pachipale amenewo akasowa pogwira, kumbuyo kumathawira kumbali. Ine kumva izo ndinangoti mzunguyu akufuna ndigule anayi. Ndinali munthu wa mabuku, wosafuna kuphunzitsidwa ndi wa ovolosi.

Mkazi wanga anandikoka malaya n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo, bwanji tingowamvera? Sinowuyu ndi wakwawo, ife tam'peza."

Ndinamuyankha kuti za galimoto azisiyira amuna. Makaniko anapukusa mutu n'kuchita zimene ndinalamula.

Mu Januwale, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, tinanyamuka m'mawa kupita kusikelo. Chipale chinali chitagwa pang'ono chabe, ndipo sindinkathamanga ayi. Titafika pokhota penapake potsetsereka, ndinamva kumbuyo kwa galimoto kukuchoka pakokha. Kutsogolo kunagwira bwinobwino, monga ndinafunira, koma galimoto inazungulira n'kukamenya mtengo wa magetsi mbali imene anakhala mkazi wanga. Ine ndinatuluka wopanda ndi bala lomwe.

Kuchipatala anam'chita opaleshoni. Mwana anali wamkazi, ndipo anapuma maola awiri okha. Madokotala anapulumutsa moyo wa mayi wake, koma anatiuza kuti sadzaberekanso. Mwanayo tinamuika m'nthaka youma gwa ndi chisanu, tili anthu asanu ndi mmodzi.

Tchimo langa lachiwiri ndi ili. Polemba kalata kumudzi ndinangoti tinachita ngozi pang'ono koma tili bwino. Zoonazo ndinabisa chifukwa cha manyazi. Motero mayi anga anapitiriza kundilembera kuti ndipeze mkazi wina wobereka, ndipo makalatawo mkazi wanga ankawawerenga, kuwapinda bwinobwino, n'kundipatsa. Sanandilozepo chala ngakhale tsiku limodzi. Zimenezo zimandipweteka kuposa akanandikalipira.

Abale anga, nzeru za kwathu n'zabwino, koma zinapangidwira misewu ya kwathu. Mukafika kwa eni, funsani, ndipo akakuuzani mverani, ngakhale wokuuzaniyo ali ndi girisi m'zikhadabo. Ngati ndalama sizikukwanira matayala oyenera, imikani galimoto mukwere basi. Palibe amene anachita manyazi mpaka kufa chifukwa chodikira basi. Ndipo mukalakwa, nenani msanga, wina asasenze mlandu wanu.

Mayi anga anamwalira akukhulupirira kuti mpongozi wawo ndiye anawamana mdzukulu. Anakhala ndi moyo zaka khumi ndi ziwiri chichitikireni ngoziyo, nthawi yokwanira yoti ndiwauze zoona, koma sindinawauze.