A Chikhatho ndi Injini Yosadwala

Tsiku limene lole inatsala pang'ono kuwaponda, a Chikhatho sanamve kalikonse. Anali atawerama pabwalo la galaja kufunafuna kanati kamene kanagwera m'fumbi, lole ikubwerera chammbuyo. Dalaivala analiza hutala. Amakaniko anzawo anakuwa mpaka mawu kusasa. Iwo anangoona mthunzi ukuwaphimba, kenako mnzawo a Ndevu anawakoka kolala ya ovolosi, onse awiri n'kugwa chagada. Tayala linadutsa pomwe panali dzanja lawo.

Inu amene mwatopa ndipo mukufuna mawu okulimbitsani mtima, mvetserani za bambo ameneyu.

Tsiku lomwelo bwana wa galaja anawaitanira mu ofesi. Bwanayu anali mwana kwa iwo, woti anamuphunzitsa okha kagwiridwe ka sipanala, choncho ankalankhula maso ali pansi. A Chikhatho anachita kumupempha kuti adzutse nkhope, poti mawu ankawatola pamilomo.

"Madala, sindikufuna maliro pagalaja pano," anatero bwana mokweza. "Kuyambira mawa muzikhala kuseri, muzitsuka zitsulo. Kunsi kwa galimoto musalowenso. Makutuwa akapanda kukonzeka, tidzangotsanzikana bwinobwino."

Kutsuka zitsulo, munthu wa zaka makumi atatu pa ntchito ya injini! Zinawapweteka kwambiri, ndipo anachita manyazi.

Makutu awo sanafe tsiku limodzi. Nyundo ndi injini zinawadya pang'onopang'ono ngati chiswe. Pamene makutu ankatha, dzanja linkaphunzira. Ankangoika chikhatho pa injini ikulira, n'kutsinzina, n'kunena pomwe pali vuto, ndipo sankaphonya. Dzina lawo linachokera pamenepo, moti lenileni anthu analiiwala. Kunyumba ankaseka ena akaseka, ankagwedeza mutu pa zinthu zoti sanazimve. Akazi awo akawauza za kuchipatala ankayankha kuti, "Makutu anga alibe vuto, anthu a masiku ano ndi amene amalankhulira m'mimba."

Ulendo uno sanatsutse. Anapita.

Dokotala wa makutu anali mayi wodekha, wolankhula akukuyang'ana m'maso. Anawayeza m'kachipinda kotseka, ndipo patapita masabata angapo anawaitana kudzatenga timakina tothandiza kumva. Tinali tiwiri, tating'ono ngati nyemba, tokoleka kuseri kwa khutu, kapaipi kake n'kulowa m'kati. Dokotala anawaveka, n'kuyatsa, akazi awo akuonerera.

A Chikhatho anadzidzimuka. Chinachake chinang'ambika pafupi, iwo n'kucheuka uku ndi uku. Anali dokotala uja, akutembenuza pepala.

"Kodi chimenechi n'chiyani?" anafunsa, koma anangolekera panjira. Mawuwo anamveka ngati munthu wina akulankhulira m'mgolo. "Akulankhulayo ndani?"

"Ndinu nomwe, bambo," anaseka akazi awo. "Ife takhala tikumva zimenezo zaka zonsezi."

Dokotala anawalangiza kuti ubongo wawo unaiwala kusankha phokoso lofunika ndi losafunika, ndiye poyamba zonse zizibwera mofanana. Anati ayambire pamalo a phee, azivala tsiku lililonse, aziwonjezera maola pang'onopang'ono. A Chikhatho anagwedeza mutu mwa chizolowezi chawo chija. Kunena zoona sanatolepo kanthu, chifukwa wotchi yapakhoma inkawamenya m'mutu.

Panjira mutu unaima. Nsapato, mabelu a njinga, pepala la pulasitiki louluka ndi mphepo, zonse zinkafuula mofanana, ndipo palibe chinkadziwika komwe chikuchokera. Galimoto ikalira kumanzere, iwo ankathawira komweko. Akazi awo anawagwira mkono mpaka kunyumba.

Kunyumbako nakonso kunalibe mtendere. Atangokhala pampando anaimirira, n'kukakoka firiji kuichotsa kukhoma.

"Mukutani, bambo?"

"Yatsala pang'ono kupsa iyi. Simukuimva?"

"Yakhala ikung'ung'udza choncho chigulireni! Ibwezeni pamalo pake!"

"Nanga mukundikalipira chiyani, mayi?"

"Ndani akukukalipirani? Ndimalankhula nanu chonchi tsiku lililonse!"

Mayiwo anali atazolowera kukuwa, moti kutsitsa mawu kunkawavuta. Supuni m'kapu inkalira ngati nyundo. Pakudya, a Chikhatho ankamva nsagwada zawo zomwe, mpaka chakudya chinasiya kukoma. Paja amati walira mvula walira matope, koma matope ake sankawayembekezera ochuluka chonchi.

Lolemba anavala timakina tawo n'kupita kuntchito, malangizo oyambira pamalo a phee aja osawadziwa n'komwe. Bwana anawayesa powaitana ali kumbuyo kwawo. Anacheuka. Anacheukira kolakwika, komabe anacheuka, ndipo bwana anakhutira. Anawapatsa kagalimoto ka mphunzitsi wina, koti angosintha oyilo basi.

Atasintha oyilo analiza injini, ndipo pomwepo anamva: tiki-tiki-tiki-tiki. Anaika chikhatho. Chikhatho chinati injini ili bwinobwino. Anachotsa dzanja n'kutchera khutu. Tiki-tiki-tiki. Anagwira njakata. Zaka zonsezi anali ndi mboni imodzi, lero anali nazo ziwiri, ndipo zinkatsutsana. Akhulupirire iti?

Apa mtima wofuna kudzionetsa unawapusitsa. Ankafuna galaja yonse idziwe kuti a Chikhatho abwerera, ndipo tsopano akumva ngakhale zobisika. Sanafunse munthu. Anayamba kumasula, ndipo pofika masana a tsiku lachiwiri pamwamba pa injini ponse panali patayalidwa pa katoni. Anayang'ana chitsulo chilichonse, kuchitembenuza, kuchipukuta, kuchiyang'ananso. Zonse zinali zamoyo.

A Ndevu anabwera akupukuta m'manja. Anangoliza galimoto ina ya mtundu womwewo imene inali pambali, n'kutsegula boneti. Tiki-tiki-tiki-tiki.

"Zonse zimalira chonchi, achimwene," anatero mwachisoni. "Ndi kaliridwe kake. Mwachita opaleshoni munthu wosadwala."

Safunsa anadya phula. Mphunzitsi uja anabwera atapsa mtima, poti anali atayenda wapansi masiku awiri chifukwa cha oyilo chabe. Bwana anapepesa mpaka pakamwa kuuma, kenako anatembenukira kwa a Chikhatho.

"Madala, ndithandizeni nzeru. Kale simunkamva kanthu, lero mukumva matenda oti kulibe. Bwererani kuzitsulo. Mwezi uno ukatha zinthu zili chonchi, ine ndalephera."

A Chikhatho anavula timakina tija n'kutiponya m'thumba la malaya. Dziko linangoti zii, ndipo anamva kupepuka. Koma mtima unali wosweka. Popanda timakina anali munthu woti lole ingamuponde, ali nato anali makaniko wowononga. Anasowa mtengo wogwira.

M'mawa mwake anauza akazi awo kuti akukabweza zinthuzo kwa eni ake. Mayiwo sanakangane nawo, anangovala nsapato n'kuwatsatira.

Dokotala anamvetsera nkhani yonse ya injini osaseka, ngakhale milomo inkafuna kumwetulira. Anatsitsako mphamvu ya timakinato, n'kuwavekanso.

"Bambo, ndikufunseni. Kumva injini ndi dzanja munaphunzira bwanji?"

"Aa, zimenezo n'zosavuta. Ndinagwira injini zabwino zambirimbiri. Dzanja likazolowera yabwino, yodwala imadziulula yokha."

"Nanga makutuwa amvapo injini zabwino zingati?"

A Chikhatho anawerengera m'mutu. Zaka khumi ndi zisanu zinali zitadutsa asanamve kulira kwa injini yamoyo. Makutu awo anali ngati munthu amene wangoyamba kumene ntchito, ndipo iwo anamupatsa udindo wa kapitawo tsiku loyamba.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba sukulu yawoyawo. Galimoto iliyonse yokonzedwa, isanatuluke pageti, ankapempha kuti ilire mphindi imodzi. Chikhatho pa injini, timakina m'makutu, maso otsinzina. Dzanja likati ili bwino, ankauza makutu kuti, "Mwamva? Yabwino imalira chonchi." Anzawo ankawaseka kuti adokotala akuyendera odwala amene achira kale. Iwo ankangomwetulira, nthawi zina chifukwa nthabwalayo inkawafika itasakanikirana ndi wailesi.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Mutu unkawawa. Makina opalira zitsulo akalira, misozi inkatuluka yokha. Sabata yoyamba ankapirira maola atatu okha, yachiwiri anafika asanu. Tsiku lina anafunafuna mbalame m'galaja monse, osadziwa kuti kakulirako ndi kamakina kawo komwe, kakudandaula batire. Masiku ena ankabwerera kunyumba osokonezeka kuposa dzulo lake, n'kumadzifunsa ngati akupita kutsogolo kapena m'mbuyo. Akazi awo ankawakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ankanena zimenezi mokuwa, kenako n'kukumbukira, n'kubwereza motsitsa.

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, bwana anali asananenebe kanthu, ndipo ankawazemba maso. A Chikhatho ankadziwa tanthauzo lake.

M'mawa umenewo ankatsuka zitsulo pafupi ndi lole ina imene a Ndevu anali atamaliza kukonza. Inali yodzaza matumba a simenti, ndipo dalaivala wake ankafulumira, poti ulendo wake unali wodutsa m'mapiri. Injini inali yozima. Ali chiweramire pa beseni, a Chikhatho anamva kamluzu kowonda kwambiri. Psssss.

"Timakinati tayambanso," anadziuza. Anavula, kunali zii. Anavala, psssss. Anayenda kupita kumpopi, kamluzuko kanachepa. Anabwerera, kanakula. Anazungulira, kusochera, kuzunguliranso, mpaka anapezeka ataima pa matayala akumbuyo a lole. Anaika chikhatho pachitsulo. Chikhatho sichinamve kanthu.

Mboni ziwiri zija zinatsutsananso. Akalankhula n'kupezeka kuti alakwitsanso, ntchito ithera pomwepo, pamaso pa anthu onse. Akakhala chete, palibe angawaimbe mlandu. Dalaivala anali atakwera kale, akufunafuna kiyi m'thumba.

Anagogoda chitseko cha lole. "Pepani, dikirani pang'ono."

Bwana anatuluka mu ofesi nkhope itakwinyika. "Kwagwanji, madala?"

"Bwana, sindikudziwa ngati ndi makutu angawa kapena ndi loleyi. Kunena zoona sindikudziwa. Koma ndikumva mpweya ukutuluka kumbuyoku."

Onse anatchera khutu. Wailesi inkaimba, wina ankakhoma chitsulo, mumsewu magalimoto ankadutsa. Palibe anamva kalikonse. Makutu a anthu akumva bwino amataya okha tiphokoso tating'ono, pomwe a Chikhatho anali asanaphunzire kutaya.

"Mwayambanso, achimwene?" anafunsa a Ndevu motsitsa. "Loleyi ndaiona ndekha."

"Sindimasula kanthu, ngakhale nati imodzi. Mungondilola ndilowe kunsi ndi madzi a sopo. Mphindi ziwiri zokha."

Bwana anapumira m'mwamba, n'kugwedeza mutu kuti alowe.

Anagona chagada n'kudzikankhira kunsi, kachitini ka madzi a sopo kali pachifuwa. Lole zikuluzikulu zimagwira mabuleki ndi mpweya, ndipo mpweyawo umayenda m'timapaipi. Anapaka sopo polumikiza poyamba. Palibe chinachitika. Pachiwiri, chimodzimodzi. Ankaona nsapato za anthu zitazungulira, ndipo za dalaivala zinkapondaponda pansi mosaleza mtima. Anatsinzina, n'kutembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka kamluzu kaja kanafika pokulitsitsa. Pamwamba pawo panali kapaipi kobisika kuseri kwa chitsulo. Anakathira sopo.

Thovu linafufuma, n'kuphulika, n'kufufumanso.

"Ndevu," anaitana. "Tabwerani mudzandiuze ngati maso anganso akunama."

A Ndevu analowa, anayang'ana, anakhudza kapaipiko ndi chala. Kanali katakhulika ndi chitsulo mpaka kutsala ngati pepala. Anatuluka n'kuitana dalaivala kuti adzadzionere. Dalaivalayo ataona anakhala pansi pa tayala lakutha, manja ali kumutu. Iye ndi amene ankadziwa kutsetsereka kwa msewu umene ankapitawo, ndi kulemera kwa simenti imene anasenza.

A Chikhatho anatuluka kunsi sopo ali m'tsitsi. Bwana analankhula nawo ndi mawu wamba, osakweza.

"Madala, kuseriko kuli basi yoti ituluke masana ano. Isanatuluke, mukaimvere. Ndipo kuyambira lero pasatuluke galimoto pageti ili musanaimve inu."

Anamva liwu lililonse, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo.

Lerolino a Chikhatho akadali pagalaja pomwepo. Sindikunamizani kuti zonse zinalongosoka. Pagulu la anthu ambiri amasocherabe, ndipo mvula ikamagwa padenga la malata amakhala ngati alowa m'ng'oma. Koma timakina tawo amavala m'mawa uliwonse.

Mwina nanunso munalandira thandizo limene munkalilirira, koma layamba ndi kukusokonezani. Mwabwerera kusukulu mutakula ndipo mutu sukugwira, kapena mwapeza ntchito yatsopano ndipo tsiku lililonse mukulakwitsa pamaso pa anthu. Kusokonezekako si umboni woti mwalephera, ndi mmene kuphunzira kumayambira. Funsani, vomerani kuti simukudziwa, ndipo mawa mudzuke mukayesenso. Musataye mtima mwezi usanathe, abale anga, pakuti munthu wina amene simukumudziwa n'komwe adzafika kwawo wamoyo chifukwa choti inu munapirira.