Tsiku Limene Ndinalawa Vinyo wa Mlendo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene ndinatsika basi ku Kitwe, nditanyamula kachikwama ka zovala ndi botolo lokulungidwa m'chitenje. Ndinali nditangokhoza mayeso a giredi naini pasukulu ya kumudzi kwathu ku Chadiza, ndipo amalume, a Filipo, anali atalonjeza mayi kuti adzandisunga ndi kundiphunzitsa mpaka ndimalize. M'botolomo munali kachasu amene mayi anatcheza okha. Ponditsanzika anati ndikapatse mlongo wawo, chifukwa amamukonda kuyambira kale.

Amalume anayamba ntchito ya mumgodi ali mnyamata, ndipo anakhala zaka zambiri m'komboni ya Kwacha m'kanyumba kakang'ono. Koma chaka chimenecho anali atakwezedwa pantchito, n'kusamukira m'nyumba ya mpanda ndi kapinga wothirira. Nditagwada ndi kuwapatsa botolo lija, nkhope yawo inawala pang'ono. Kenako anayang'ana akazi awo, Anti Beatrice, n'kunena kuti zinthu zoterezi anasiya kalekale. Botololo linakaikidwa kugaraja, kuseri kwa matayala akutha.

Anti sanali munthu wokalipa. Ankalankhula motsitsa, ndipo tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti za sukulu tidzakambirana mu Januwale, akaona kaye ngati ndili munthu wokhalika naye. Mawu amenewo ndinkagona nawo, n'kudzuka nawo. Ndinkasesa anthu asanadzuke, ndinkachapa zimene sanandiuze kuti ndichape, ndipo ndikaseka ndinkagwira pakamwa.

Pabalaza panali kabati yagalasi yodzaza mabotolo. Ine vinyo ndinkangomuona paguwa, wansembe akamamwa pa Misa. Anti anandiphunzitsa kuti wofiira amayenda ndi nyama ya ng'ombe, woyera ndi nsomba, ndipo wotsekemera ndi wa anthu amene angoyamba kumene kuona ndalama. Wisiki anali wa amuna odziwa kudekha. Chibuku ndi kachasu, anatero, ndi za anthu amene anataya mtima ndi moyo wawo. Ponena zimenezi sanandiyang'ane, koma ndinaganiza za mayi atakhala pafupi ndi moto, akudikira madontho kugwera m'botolo. Amalume ankangogwedeza mutu, atagwira tambula ya mwendo wowonda ndi zala ziwiri monga anawaphunzitsira. Akameza vinyoyo nkhope yawo inkachita ngati ya munthu womwa mankhwala a malungo.

Msuweni wanga Kelvin nayenso anali ndi sukulu yake. Anali wamkulu pang'ono kwa ine, ndipo ankanditcha "mkazi wanga wa ku Chadiza", monga amachitira asuweni. Tsiku lina anandifunsa nyimbo imene ndimakonda. Ndinamuuza zoona: ya rapu imene ndinaimva m'minibasi popita kumsika, ya anyamata amene ankasakaniza Chibemba ndi Chinyanja, akuimba za mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Kelvin anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iwe mkazi wanga, zimenezo ndi nyimbo za makondakitala. Usadzanene zimenezo pamaso pa anzanga, ndidzakusudzula."

Hipu hopu yeniyeni, anatero, ndi ya ku Amereka basi. Anandiika tizingwe ta foni yake m'makutu, ndipo ine ndinaloweza mawu amene sindinkawamva, n'kumawang'ung'udza potsuka mbale kuti andimve. Nyimbo ya m'minibasi ija ndinkaiimbira mumtima.

Loweruka lina Khirisimasi ili pafupi, amalume anaitana akuluakulu awo a kuntchito, ba Mulenga, pamodzi ndi akazi awo ndi mwana wawo wamwamuna amene ankaphunzira kunja. Anawotcha nyama pakapinga masana, dzuwa litawala mvula itangokata. Anti anatulutsa botolo limene ankalisunga pamwamba penipeni pa kabati. Anandiveka diresi lawo lakale, n'kundiuza kuti ndine ndipereke vinyo: ndiyambire kwa ba Mulenga, ndigwire tambula kumwendo osati kumimba kwake, ndisalankhule. Ndinadziwa kuti awa ndiwo mayeso anga. Anandiuza zonse, kupatula chimodzi chimene sanaganize kuti munthu angafunike kuuzidwa.

Kwathu munthu supatsa mlendo chakumwa usanalawe. Mayi akatunga chipanda choyamba cha mowa amagwada, n'kumwa pang'ono mlendo akuona, kenako n'kumupatsa. Timati kuchotsa ufiti. Ndiko kunena kuti, ngati muli choipa m'menemu chiyambe ndi ine. Mlendo akakhala wamkulu, mwambowo umakulanso. Ndinakula ndikuona zimenezi, ndipo sindinkadziwa kuti pali dziko limene sachita choncho.

Ndinayenda pakapinga paja. Ndinagwada pamaso pa ba Mulenga, ndinanyamula tambula ndi manja awiri, n'kumwa pang'ono. Vinyoyo anali wowawasa, wouma pakhosi ngati masuku osapsa. Kenako ndinawapatsa. M'mphepete mwa tambulayo munatsala chizindikiro cha milomo yanga, chifukwa ndinali nditadzola vaselini.

Onse anandiyang'ana. Ndikukumbukira bwino kuti ba Mulenga anamwetulira, ndipo dzanja lawo linayamba kutambasuka kuti lilandire. Anandifunsa m'Chibemba kuti, "Mwaice, wafuma kwi?" ndiko kuti, mwana iwe wachokera kuti. Koma akazi awo anaphulika kuseka, ndipo Anti anali atafika kale. Anandilanda tambulayo, n'kukhuthula vinyo yense pakapinga. Dzanja la ba Mulenga linabwerera pabondo, nawonso n'kuyamba kuseka.

Ndinayang'ana amalume. Iwo anabadwira m'nyumba imodzi ndi mayi, ndipo anamwapo zipanda zosawerengeka zolawidwa choncho. Mawu awiri okha akanakwana. Koma anapepesa kwa alendo m'Chibemba, n'kunena kuti ndine wakumudzi, mwina ludzu linandikulira. Anthu anasekanso, kwambiri kuposa poyamba.

Anti ananditumiza kukhitchini. Tambula ija anati ndiitsuke ndi madzi otentha, ndiiike payokha. Ndili pasinki, ndinamva nyimbo zasintha panja. Mwana wa ba Mulenga anali atalumikiza foni yake kusipika, ndipo imene inkalira inali nyimbo yanga ija, ya mayi wa tomato. Ndinamumva akufotokoza m'Chingerezi kuti kumene amaphunzira anzake amaikonda kwambiri, chifukwa ndi yeniyeni, yochokera mumsewu. Ndinasuzumira pawindo. Kelvin ankavina, tambula m'manja, akuuza mlendoyo kuti iye anyamata amenewa anayamba kuwamvera kale anthu asanawadziwe. Ankaimba molakwitsa mawu. Ine ndinkawadziwa onse.

M'mawa mwake titachoka ku Misa, Anti anandiitana kuchipinda. Sanakweze mawu. Anati si mlandu wanga, koma pali zinthu zimene munthu saphunzira akakula, ndipo nyumba yawo imalandira alendo kawirikawiri. Anali atalankhula kale ndi wachibale wina ku Ndola, mayi amene ankaphikira chakudya antchito a m'mafakitale ku Heavy Industrial Area, ndipo ankafuna mtsikana womuthandiza. Za sukulu, anatero, zidzaoneka m'tsogolo. Ndinagwada n'kuthokoza, chifukwa ndi zokhazo zimene ndinkadziwa kuchita.

Amalume ndiwo anandiperekeza pagalimoto. M'galimotomo munali fungo limene ndinkalidziwa kuyambira ndili kumsana. Anali atayamba apita kugaraja tisananyamuke. Titafika, anandipatsa chikwama changa osandiyang'ana m'maso.

"Ukalankhula ndi mayi ako," anatero, "uwauze kuti dzanja lawo silinasinthe."

Giredi teni sindinalowe. Januwale anadza n'kupita ine ndikusenda anyezi ndi kutsuka miphika, ndipo anadzanso wina. Mayi sindinawauze chimene chinachitika. Anamwalira akuganiza kuti sukulu ya m'tauni inandikanika.

Lero ndimagwira ntchito yoperekera zakudya ndi zakumwa m'hotela ina kuno ku Ndola. Sabata yoyamba, mkulu wathu anatiphunzitsa kaperekedwe ka vinyo. Umaonetsa botolo kwa amene waitana anzake, n'kumuthirira pang'ono pokha. Iye amazunguza tambula, amanunkhiza, n'kulawa alendo ake akuona. Akagwedeza mutu ndi pamene umathirira enawo. Mkuluyo anati umenewu ndi ulemu waukulu, mwini phwando sangalole kuti alendo ake amwe chinthu chimene iye sanalawe. Anzanga ankalemba m'mabuku mwawo. Ine ndinapempha kupita panja.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti anandichotsa m'nyumba ija chifukwa sindinkadziwa zinthu zabwino. Tsopano ndikudziwa kuti ndinkazidziwa. Nyimbo inali yomweyo, mwambo unali womwewo, ngakhale kachasu anali wokoma kwa munthu amene ankamukana pabalaza. Chimene Anti anakhuthula pakapinga paja si vinyo woipa, ndi vinyo amene anakhudzidwa ndi milomo ya mtsikana wa ku Chadiza. Ndikaima pambali pa tebulo, botolo m'manja, ndikudikira bwana wina kuti alawe, ndimamwetulira monga anandiphunzitsira. Iye akagwedeza mutu, anzake amamutama kuti amadziwa vinyo.